Mbatata yosaboolwa ndi nkhono ilipodi? Mmene timachitira kuno ku chigwa cha Shire

Mlamu wanga anabwera kuchokera ku Blantyre mwezi wa Epulo atanyamula kajumbo ka kachewere kophukira kale, akuti anawerenga pa foni kuti kuli mitundu ya mbatatesi yomwe nkhono siziigwira ndiye akufuna tiyesere kuseli kwa nyumba kuno ku Ngabu. Ndinamumvetsa bwinobwino chifukwa amene anakumbapo mbatata yake nkupeza ili mabowo okhaokha amadziwa mmene mtima umawawira, miyezi inayi ukuthirira ndi keni msana kuchita kuuma kenako pokumba mukupeza zoti ngakhale nkhumba ikununkhiza nkuzisiya. Ndiye ndati ndilembe zomwe ndinamuuza tsiku limenelo ndi zina zomwe ndaphunzira mmadimba muno, mwina zithandiza wina asanataye ndalama ndi mphamvu.

Zomwe anawerengazo sizabodza ayi. Ku England kuli tinkhono tina topanda chigoba tomwe timakhala pansi pa dothi lonyowa nkumaboola mbatatesi isanakumbidwe, ndipo alimi a kumeneko anaona kuti mitundu ina ngati Kestrel, Charlotte, Estima ndi Pentland Dell siionongeka kwambiri pomwe Maris Piper ndi Cara tinkhonoto timachita kuikonda. Komatu imeneyo ndi mitundu ya dziko lozizira, mmisika mwathu simungaipeze, ndipo ngakhale eni akewo sanena kuti siiboolwa, amangoti imaboolwa pang'ono. Kachewere wathu wa Violet ndi Rosita uja timadya pa chiwaya pa Dyeratu kaya pa Nchalo amachita kutsika ndi magalimoto kuchokera ku Ntcheu, Dedza ndi Neno, kumapiri kozizira. Mbewu imeneyi kuti iike pansi imafuna usiku wozizira, dothi likafika cha mma digiri 30 imangobiriwira masamba pansi osaika kanthu, nanga kuno Okutobala ndi Novembala timapitirira 40 ndiye muyembekezera chani. Amene mtima wakakamira yesani mu Meyi kuti ikule mu Juni ndi Julayi, mizere iwiri basi, pamalo pomwe dzuwa la masana silimenya kwambiri, koma musaikepo ndalama ya fizi. Mbatata yathu kuno ndi ya kholowa, bambaya monga amanenera anzathu achisena, ndiye nkhani yonse ikhale pa imeneyo.

Musanayambe kusaka mbewu yolimba, dziwani kaye amene akukuberani. Anthu ambiri akaona bowo pa mbatata amangoti nkhono, ena amangoti mbozi, koma akubawa ndi angapo ndipo aliyense ali ndi kadyedwe kake. Ine anandiphunzitsa ndi apongozi anga akazi, anatenga mbatata zinayi pa mulu womwe ndinkadandaula nawo nkuziyala pa mkeka, mpeni mmanja. Yoyamba inali ndi chibowo chosazama chosalala ngati wina wapala ndi supuni, pambali pake kanjira konyezimira ngati mamina ouma, anati iyi ndiye nkhono ndipo taonani yadya mbali yomwe inali pamtunda. Yachiwiri inali ndi mano awiri awiri ooneka bwino, mbewa imeneyo. Yachitatu bowo lozungulira lolowa mkati ndithu, atagogoda munatuluka bongololo atadzipinda. Yachinayi kunja inkaoneka yabwino kupatula timadontho takuda ngati pobaya ndi singano, ataidula pakati mkati monse munali tinjira takuda todzaza zinyenyeswa, kambozi koyera kakugwedezeka, fungo lake loipa. Anandipatsa kachidutswa kuti ndilawe, kuwawa kwake ndinalavula pompo. Anati bambo a Chisomo, nkhono mukuzinamizira, mbala yanu yaikulu ndi nankafumbwe uyu.

Ndipo ndi zoona, kuno ku Chikwawa ndi Nsanje nankafumbwe wa mbatata ndi amene amatimaliza kuposa nkhono. Kachilombo kake ukakaona ungati nyerere yaikulu ya mlomo wautali, kena kakuda kena kofiirira. Kamaikira mazira pa tsinde kapena pa mbatata yeniyeniyo, mphutsi nkumadya mkati, ndipo kukamatentha pamangotha pafupifupi mwezi umodzi mbadwo wina watuluka kale. Mbatata ikaboolwa choncho imatulutsa madzi owawa podziteteza, nchifukwa chake ngakhale mudule mbali yoolayo yotsalayo imawawabe. Koma kali ndi kufooka kumodzi komwe ndikufuna mukugwiritse, sikatha kukumba. Kamadikira dothi ling'ambike kuti kalowere mu mng'alu, kapena mbatata itulukire pamtunda yokha. Nkhono nazonso chimodzimodzi, zathu zikuluzikulu za chigobazi zimadya zomwe zili poyera, masamba anthete, nsonga zongobzala kumene ndi mbatata yomwe yasuzumira kunja. Ndiye mukamva kuti mbewu yakuti ndi yolimba ku tizilombo, nthawi zambiri sikuti ili ndi mankhwala mthupi, koma imaika pansi kwambiri komanso imakhwima msanga nkuchoka mmunda adani asanachuluke.

Posankha mbewu yang'anani zinthu ziwiri zimenezo. Mukapita kwa mnzanu kukapempha mbewu musangoyang'ana masamba, mpempheni afukule phando limodzi muone. Ngati mbatata zaunjikana pa tsinde penipeni nkumatukula dothi, imeneyo mmakande ikupatsani ntchito. Ngati zili ndi khosi lalitali, zopyapyala kumtunda nkukanenepera pansi, imeneyo ndiye yabwino. Pa mitundu yofiira mkati yomwe a zakafukufuku anatulutsa mu 2011, Chipika ndi yomwe alangizi amaitchula kwambiri kumadera otentha ngati kwathu kuno. Kaphulira dzina lake likunena lokha, miyezi itatu ndi theka mwayamba kudya, ndiye kwa ine imeneyi ndi yothawira nayo nankafumbwe. Kadyaubwerere ndi yotsekemera ana amaikonda ndipo imasungika bwino. Ana Akwanire imabereka zambiri koma imachedwa, mpaka miyezi 6, ndiye pa dimba lomwe limauma msanga ine sindingaiike. Zondeni inatuluka kale mu 2008, ndipo Kenya yakale ija yaufa anthu sanaisiyebe chifukwa pa msika imayenda. Zofiira mkatizi zili ndi vitamini A, kwa ana ndi amayi oyembekezera ndi chakudya chenicheni osati zongotafuna. Ine ndimabzala mitundu iwiri kapena itatu pa dimba limodzi, yofulumira kumtunda komwe kumauma msanga, yochedwerapo kumunsi komwe chinyontho chimakhalitsa. Za komwe mungapeze mbewu yodalirika funsani alangizi a kwanuko, iwo amadziwa alimi omwe akuchulukitsa mbewu yochokera ku malo a zakafukufuku a Bvumbwe, komanso kuno tili ndi malo ena otere ku Kasinthula pafupi pomwepa.

Pa mbewu pomwepa ndinapsapo. Chaka cha 2023 madzi a Freddy atatsuka zonse tinasowa mbewu mudzi wonse, ndiye ndinagula mitolo itatu kwa munthu wina pa msika osaimasula nkomwe, ndinangoona kubiriwira pamwamba. Kufika kunyumba mkati munali zitsinde zakale zokhuthala zotupatupa, ndinabzalabe poti ndalama inali itapita, ndipo ndi mbatata imeneyo yomwe apongozi anandiyalira pa mkeka ija. Ndinachita kugula nankafumbwe ndi ndalama zanga nkumunyamula pa njinga mpaka ku dimba. Mazira ndi mphutsi zimakhala kumunsi kwa chingwe, kufupi ndi tsinde, ndiye podula mbewu tengani kunsonga kokha, masentimita 30, kungoyeza kuchokera pa chigongono kufika pa dzanja, yokhala ndi mfundo zosachepera zitatu kapena zinayi. Dulani pa mbewu ya miyezi iwiri kapena itatu osati yokalamba. Yamasamba opiringizika, achikasu mawangamawanga kapena yopinimbira isiyeni, imeneyo ndi matenda ndipo imakabereka tizingwe basi. Mtolo wogula umasuleni pomwepo wogulitsa akuona, mugwedezenso chifukwa timazira ta nkhono ndi tiana take timabisala mmenemo.

Malo obzala. Pomwe munakumba mbatata chaka chatha musabwerezepo, ikanipo chimanga, mapira, nyemba kaya khobwe, ndipo dimba latsopano lisagundane ndi lakale lomwe muli zotsalira. Mbatata zomera zokha zija timazisiya kuti tizithyolako kholowa ndi nyumba ya nankafumbwe, zulani. Ngakhale tizitsamba toyanga takutchire tamaluwa ngati a mbatata tomwe timamera mmbali mwa madambo timasunga kachilomboka, lambulani mmalire. Chabwino chimodzi chomwe madzi osefukira amatisiyira nchakuti munda ukamira masiku angapo nankafumbwe wa mdothi amafa, nchifukwa chake mbatata yobzala madzi akangophwa mu Epulo ndi Meyi cha ku Makhanga, mmbali mwa dambo la Dabanyi kaya kumunsi ku dambo la Ndindi imayamba bwino kwambiri. Koma pamene nankafumbwe wachepa mpamene nkhono zachuluka, poti zinyalala zonse zobwera ndi madzi, mabango, zitsinde za nthochi, zimakhala zaunjikana mmalire zili nyowe. Musanabzale kokerani zimenezo kutali ziume.

Dothi labwino ndi lija losakanikira mchenga lomwe mtsinje umasiya. Makande akuda aja ali ndi chonde inde koma akauma amang'ambika mpaka dzanja kulowa, ndiye kwa nankafumbwe umenewo ndi msewu wa tala. Ngati kuseli kwa nyumba kwanu ndi makande okhaokha, tutani mchenga wa kumtsinje ndi manyowa owolerana bwino musakanize pa mzere pomwepo, mizere ingapo ya pakhomo siingakulepheretseni. Manyowa a ng'ombe aawisi ayi, amaitana bongololo komanso mbatata imangopenga masamba. Mizere ikhale yaikulu ndithu yotalikirana masentimita 75 mpaka 90, mapando masentimita 30, mbewu imodzi pa phando, mfundo ziwiri kapena zitatu zilowe pansi. Mzere waung'ono wongokanda ndi umene umatulutsa mbatata pamtunda. Bzalani madzulo dzuwa litapepa.

Masabata awiri kapena atatu oyambirira ndi amene nkhono zimapweteka, chifukwa nsonga ija ili ndi timasamba tiwiri titatu, ikadyedwa usiku umodzi phando lafa. Njira yomwe yandithandiza kuposa zonse ndi yotopetsa koma yaulere, kutola. Cha mma 8 koloko usiku kapena mbandakucha mame asanaume, tochi ya foni ndi ndowa, jumbo kumanja ngati golovesi. Tsiku loyamba nditayesa ndi mwana wanga tinkayenda mzere ndi mzere, kuunika pansi pa masamba, ndipo zinali zochita kumveka zikamatafuna ukakhala chete, zina zazikulu ngati chibakera cha mwana zitakwera pa nsonga mpaka kuiweramitsa pansi. Tinadzaza theka la ndowa pa kadimba kakang'ono. Usiku wachitatu zinali zowerengeka, pofika sabata tinkangopeza imodzi imodzi. Kudimba la kumtsinje usiku musapite nokha ndipo musayandikire madzi, ng'ona ndi mvuu sizicheza, kumeneko gwiritsani misampha. Nyowetsani masaka akale kapena yalani makungwa a nthochi, matabwa kaya makoko a papaya pakati pa mizere madzulo, mmawa mukavundukula muzipeza zitasonkhana pansi pake kuthawa dzuwa. Mukaona timazira toyera kapena tachikasu tozungulira tounjikana mdothi lofewa tiphwanyeni kapena tiyikeni padzuwa. Ena amakwirira kachitini mpaka pakamwa nkuthiramo masese, fungo la chimera limazikoka zimagweramo, zimagwira makamaka ting'onoting'ono topanda chigoba tija, koma muzikhuthula masiku awiri aliwonse.

Zomwe mwatolazo musakazitaye kuseli kwa mpanda, zibwerera usiku womwewo. Ziphwanyeni mupatse abakha, kapena zithireni madzi otentha nkuzikwirira. Amene muli ndi abakha muli ndi antchito aulere, alowetseni mdimba musanabzale komanso mukakolola, koma mbewu ikadali yanthete ayi amapondaponda. Mukamaliza sambani mmanja ndi sopo, ndipo kholowa wochokera pomwe pali nkhono mutsukeni bwino nkumuphika mokwanira. Ndinene pano kuti nkhono za kumtundazi si zija zofalitsa likodzo, zimenezo ndi ting'onoting'ono ta mmadzi odikha, ndiye poopa likodzo opani kuima mmadzi a mmigula opanda jombo osati kutola nkhono pa mzere.

Phulusa anthu amalitama, limathandiza likakhala louma, nkhono siikonda kudutsapo, koma mame akagwa kapena mukathirira latha ntchito muyenera kuwazanso. Mchere wokha chonde ayi. Inde umapha nkhono mukuona, koma dothi lathu kuno ndi lamchere kale, mijigo ina madzi ake mukudziwa mmene amakomera, ndiye kuwaza mchere pa mzere ndi kudziphera dimba. Mankhwala a timibulu tobiriwira a metaldehyde amapha nkhono koma amaphanso agalu ndi nkhuku, mwana akatola ndi ngozi, ku Britain anawaletsa kuthira panja kuyambira 2022. Pa dimba la pakhomo pomwe ana amasewera ine sindilola. Kathiriridwe nakonso, thirirani mmawa kuti pofika usiku pamwamba pakhale pouma, mukathirira madzulo mwaziyalira mphasa. Kuphimbira ndi udzu kuno nkofunika chifukwa cha dzuwa, komanso kumachepetsa ming'alu, koma pa dimba lonyowa dikirani mbewu igwire kaye iyambe kuyanga, ndipo udzuwo ukhale wouma wopyapyala osagunda tsinde.

Tsopano ntchito yeniyeni yomwe imasiyanitsa wokolola ndi wolira, kukwezera. Pakatha mwezi ndi theka mpaka iwiri mbatata imayamba kunenepa pansi nkumakankha dothi, mzere umachita ming'alu ngakhale dothi likhale labwino. Ambiri tikaona ming'alu timasangalala kuti yaika, nkumadikira. Ayi ndithu, mng'alu uliwonse ndi khomo. Muziyendera mizere kamodzi pa sabata ndi khasu laling'ono, kokerani dothi lofewa kuchokera mu ngalande nkutseka, pena kungoponda ndi chidendene nkuwaza dothi pamwamba zakwana. Mbatata yomwe yasuzumira ikwirireni tsiku lomwelo. Popalira koyamba ndi kachiwiri kwezerani mzere wonse mpaka pa tsinde. Mukafukula zodya zapakati monga timachitira, kutenga zikuluzikulu nkusiya zazing'ono, bwezerani dothi nkutsendera, osasiya dzenje lili yasa. Kuyambira Ogasiti kupita kutsogolo mphepo ikayamba kuuma ndi kutentha, kuyendera kumeneku kukhale kawiri pa sabata, ndipo ngati muli ndi thiredo pampu kapena keni, madzi pang'ono pafupipafupi amaletsa dothi kung'ambika kusiyana ndi kuthira ambiri kamodzi nkulisiya liume gwa. Mukamayendera tukulaninso zingwe kuti zisamere mizu paliponse, apo mumaonanso zomwe zabisala pansi.

Pokolola musachedwe, apa mpomwe ambiri timaluzira. Timasunga mbatata mmunda ngati nkhokwe podikira mtengo ukwere pa Bangula kapena pa Nchalo, koma sabata iliyonse yomwe yakhala pansi itakhwima nankafumbwe akuswana. Lembani tsiku lobzala pa khoma kaya mu foni. Kaphulira ikakwana miyezi itatu ndi theka fukulani muone, zinazi miyezi inayi kapena isanu kupatula Ana Akwanire yochedwa ija. Kudziwa kuti yakhwima dulani imodzi, utomoni ukauma woyera yakhwima, ukada ndiye kuti ikadali. Yobzala mu Epulo kapena Meyi ikhale itatuluka pofika Seputembala, isakumane ndi dzuwa la Okutobala ili pansi. Kumbani mosamala osaitema ndi khasu, ndipo tolani zonse ngakhale tating'ono ndi toola tomwe, munda usiyeni uli mbee. Zofumbwa musaziponye mmalire, dyetsani ziweto zomwe zikudyeka, zotsalazo otchani kapena kwirirani dzenje lakuya ndithu.

Zogwidwa ndi nkhono kapena mbewa sizinaonongeke, dulani pomwe padyedwapo muphike tsiku lomwelo, futali wake amakoma chimodzimodzi, kungoti sizisungika. Zambiri zikakuchulukirani zisendeni muzidule mopyapyala nkuyanika pa thandala, dzuwa lokha kuno ndiye sitisowa.

Chotsala ndi mbewu ya chaka chamawa, chifukwa kuno zingwe zimapsa ndi dzuwa kapena mbuzi zimamaliza, mvula ikagwa aliyense ali pa msika kugula zilizonse ngati mmene ndinachitira ine. Pokolola sankhani timbatata tapakatikati tosalala topanda kabowo ngakhale kamodzi, tochokera pa mapando athanzi. Tengani beseni kapena ndowa yakale, yalani nyuzipepala pansi, thirani mchenga wouma wozizira wosefa bwino, ikani mbatata zisagundane, mchenga pamwamba, mbatata zina, mchenganso, pomaliza mchenga wokhuthala ndithu pamwamba kuti kachilombo kasalowe. Ikani mnyumba pamalo pouma pomwe nkhuku ndi ana safika. Mwezi uliwonse fukulani muchotse zoola, zikaphukira msanga kwambiri thyolani mphukirazo nkubwezera. Kukatsala masabata 6 mpaka 8 kuti nthawi yanu yobzala ikwane, zikwirireni pa kabedi kotchinga ndi minga pafupi ndi pomwe mumatsukira mbale, muzithirira kawiri pa sabata, ndipo kabedi kameneka ndiye muzikaunika ndi tochi usiku uliwonse poti mphukira zanthete zotere pa nthawi yomwe kwina konse kwauma nkhono zimazimva kutali. Mlamu wanga uja kachewere wake tinabzala mizere iwiri mu Meyi, anatuluka tating'ono ngati mazira a nkhanga tokwana poto mmodzi, koma pobwerera ku Blantyre ananyamula thumba la Kaphulira ndi beseni lake la mchenga lomwe akuti akaika pansi pa bedi.